Mawaya a Amalume ndi Dzino Lobisala

Panali munthu wina amene ankaphunzira udokotala wowongola mano ndi mawaya. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnzake wa m'kalasi, ndipo ndikaikumbukira magazi amandiwira. Munthuyo anzake anamutcha Ndaonakale, chifukwa chilichonse chimene aphunzitsi anena, iye ankati anachiona kale.

Aphunzitsi awo anali dokotala wamkulu, mayi osafuna zachibwana. Ophunzira ankawatcha Mayi Jambulani. Lamulo lawo linali limodzi: usanagwire waya, jambula ekisire ya mutu ndi nsagwada, uikepo pepala loonekera, ulembe mizere ndi pensulo, uyeze ndi rula. Ukatero umukhazike wodwalayo cham'mbali, uyang'ane mphuno, milomo ndi chibwano.

"M'kamwa mumangoona theka la dzino," ankatero. "Theka linalo lili m'fupa, ndipo maso anu salowa m'fupa."

Ndaonakale ankangoyasamula. Ntchito yoyeza ikaperekedwa, ankabwereka pepala la mnzake, kulitsamiritsa pagalasi la windo, n'kukopera mizere yonse.

"Tinabwera kudzakhala madokotala kapena kudzajambula mapu?" ankatero. Anzake ankaseka, ndipo kusekako n'kumene kunamukulitsa mutu.

Mlongo wake anali ndi mwana wamkazi wa kupulayimale, wa mano akutsogolo otuluka. Anzake ankamugemula, moti akamaseka ankatseka pakamwa ndi dzanja. Tsiku lina mayi ake anati, "Achimwene, mutengeni mwanayu akamuone aphunzitsi anu aja."

"Achemwali, dokotala muli naye m'nyumba mom'muno. Kumene kuja akangomuzunguza ndi zithunzi. Iwe, tayasamula."

Anasuzumira m'kamwa mwa mwanayo ndi tochi ya pafoni. Basi, kuyeza konse kunathera pomwepo.

"Ndaona kale. Mano anangothamangira kutsogolo. Ndiwabweza."

"Amalume," anatero mwanayo akuloza m'mbali, "kuno kukadali dzino laubwana. Lenileni silinatuluke."

"Amatuluka okha amenewo. Dokotala ndi iwe kapena ine?"

Tamvani kudzikuzako! Mwana wamusonyeza ndi chala pamene pali vuto, iye n'kumukalipira. Anazembetsa mawaya kusukulu, kumukhazika mwanayo pampando wa pabalaza, thawulo pachifuwa, n'kumumanga mano. Mwezi uliwonse ankabwera kudzakunga mawaya, mlongo wake akumunyadira pamaso pa anthu oyandikana nawo.

Mano anayambadi kubwerera. Kenako anayamba kugwedera.

"Amalume, akuwawa. Ndikawakhudza ndi lilime akuyenda."

"Akamagwedera ndiye kuti ntchito ikugwirika. Usamalirelire."

M'mawa wina mwanayo analuma buledi, dzino limodzi n'kupindikira m'kati. Buledi yense magazi okhaokha. Mayi ake sanaimbirenso mchimwene wawo. Anamugwira dzanja mwanayo mpaka kuchipatala cha sukulu ija.

Mayi Jambulani anajambula ekisire, anaiyang'ana, nkhope n'kusintha.

"Wamanga mawaya awa ndani?"

"Mchimwene wanga. Amaphunzira konkuno."

Adokotala anatuma munthu kukamuitana. Ndaonakale analowa atavala chovala choyera, akumwetulira, koma ataona mlongo wake kumwetulira kunathawa. Adokotala anapachika chithunzicho pabokosi lowala.

"Bwera pafupi. Uone zimene unaona kale."

Pamwamba pa mano akutsogolo, m'kati mwa fupa, munagona dzino lija losatuluka. Linali chopingasa, nsonga yake itatsamira mizu ya mano awiri. Mawaya ankakokera mizuyo pansonga pomwepo mwezi ndi mwezi, mpaka inadyeka ngati pensulo yosongoledwa kufika kumapeto.

Kenako adokotala anatembenuza nkhope ya mwanayo cham'mbali mofatsa.

"Yang'ana chibwanochi. Mano sanathamangire kutsogolo. Nsagwada yam'munsi ndi imene inatsalira m'mbuyo, ndipo pamsinkhu wakewu tikanaithandiza kukula. Iwe unakakoka mano osalakwa. Chithunzi chimodzi chokha chikanakuuza zonsezi!"

"Adokotala, mwina tingawalimbitse..."

"Ndi chiyani? Ndi pakamwa pakopo? Dzino lopanda muzu liima pati?"

Mlongo wake, amene chibadwire ankamutchula kuti inu, anaimirira.

"Iwe! Ndinakupatsa mwana wa mano onse. Ndinakupempha kuti ubwere naye kuno, unati dokotala ali m'nyumba. Dokotala wake ndi ameneyu?"

Mano awiri akutsogolo anazulidwa tsiku lomwelo. Adokotala anati adzamuikira mwanayo oyikirira, koma okhazikika adikire mpaka fupa litakhwima. Kenako anauza Ndaonakale kuti avule chovala choyeracho asanatuluke m'chipindamo, ndipo sukulu inamuthera pomwepo.

Iye akuvula chovalacho, mwanayo anachotsa thonje m'kamwa n'kumuyang'ana.

"Amalume, munati amatuluka okha. Awanso atuluka?"

Munthu uja, amene anali ndi yankho pa chilichonse, anangopitiriza kuvula chovala chija.

"Muyankhe," anatero adokotala. "Wodwala wako wafunsa."

"Satuluka," anatero chapansipansi.

Mwanayo anabwezera thonje lija, n'kutseka pakamwa ndi dzanja. Kale ankatseka akamaseka pokha. Masiku ano amatseka ngakhale popereka moni.

Phunziro: Inu ophunzira za mano, zimene aphunzitsi amakuumirizani kujambula ndi kuyeza si chilango, ndi mano a mwana wa munthu. Inu makolo, aliyense wofuna kumanga mawaya m'kamwa mwa mwana wanu, kaya ndi mchimwene wanu wa bere limodzi, mufunseni kuti, "Ekisire ili kuti?" Akati waona kale, nyamulani mwana wanu muzipita. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene kwawo kuli Ndaonakale.