Buku la apongozi ndi kapepala ka pa sikirini

Panali munthu wina wotayipa makalata, amene anzake ankangomutchula kuti a Tionamawa. Amene ananditumizira nkhaniyi akuti ndi yoona. Ine zoterezi ndatopa nazo kumva, koma ndikuuzenibe.

A Tionamawa anali ndi kachipinda kotayipira pafupi ndi siteji ya basi: tebulo limodzi, pulinta, ndi kompyuta imene anakhala nayo zaka khumi ndi chimodzi. Tsiku lina kompyutayo inayamba kutulutsa uthenga pakona ya sikirini. Unkati amene anapanga sisitimu yake, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse, asiya kuisamalira, choncho aikemo yatsopano. M'mawa uliwonse uthenga womwewo. Atatopa nawo, anadula kapepala n'kumata pakonapo ndi selotepi.

Mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ankagwira ntchito yokonza makompyuta. Atabwera kudzacheza anakaona kapepalako.

"Alamu, ichi ndiye chiyani?"

"Aa, kauthenga kameneko kamandisokosa."

"Kakukuchenjezanitu. Ndipatseni Loweruka limodzi. Ndikopere kaye zonse pambali, tione kuti zikutseguka, kenako ndiike yatsopano."

"Tiona mawa, mlamu."

Mlamuyo anawauza kanayi konse mpaka pakamwa kuuma. Zoona zake n'zakuti a Tionamawa ankachita manyazi kuphunzitsidwa ntchito ndi munthu amene anamuona akupita ku pulayimale mamina ali chuchuchu.

Komatu m'kompyutamo munali chinthu chimene sichinali chawo. Apongozi awo aamuna, mphunzitsi wopuma ntchito, maso atasiya kuona ankabwera masana alionse n'kukhala pa mpando wa makasitomala. Iwo ankafotokoza mbiri ya banja lawo, mkamwini n'kumatayipa: anabala ndani, anakwatiwa kuti, anasamukiranji, ngakhale mayina a ana amene anamwalira asanayambe kuyenda. Zaka ziwiri, masamba mazana atatu. Palibe chimene chinalembedwa pamanja, zonse zinkachokera m'mutu mwawo. Atangomaliza mutu wotsiriza anadwala sitiroko, kulankhula n'kuthera pomwepo. Chimene ankatha n'kutambasula manja ngati akulandira buku akamva mawu a mkamwini wawo.

"Ndisindikiza mawa, bambo," ankatero a Tionamawa.

Asanasindikize, pulinta inafa. Anagula ina, koma yatsopanoyo inakaniratu kugwira ntchito ndi sisitimu yakale ija. Makasitomala anayamba kubwerera pakhomo. Kuimbira mlamu? Ayi, angawaseke. Ndiye panatulukira bambo wina wa chikwama kumsana, wolankhula mofatsa, amene ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti amakonza makompyuta.

"Bwana, iyi ndi ntchito ya ola limodzi," anatero. "Koma ndifufuta zonse. Zanu munasunga pena?"

"Tadikirani pang'ono."

A Tionamawa anabaya fulashi, kachipangizo kosungiramo mafayilo, n'kukokeramo tizithunzi tonse timene tinali pa sikirini, ndi kolembedwa kuti BUKU LA BAMBO komwe. Sizinatenge n'komwe mphindi imodzi, iwo n'kumayamikira kuti fulashiyo ndi yachangu. Abale inu!

"Zatheka, fufutani."

Bamboyo sanavutike n'kuyang'ana. Anafufuta, anaika sisitimu yatsopano, pulinta inayamba kugwira ntchito bwinobwino, iye chikwama kumsana, ulendo. Ngakhale nambala ya foni sanasiye.

A Tionamawa anabayanso fulashi ija kuti tsopano asindikize buku. Anadina, kompyuta inati chinthucho kulibe. Anadinanso, kulibe. Apa manyazi onse anabalalika, anaimbira mlamu.

Mlamuyo anabwera, anayang'ana, n'kukhala pa mpando umene bambo ake ankakhalapo.

"Alamu, mukukaona kamuvi kali pakona ya kachithunzi kalikonseka? Amenewa si mafayilo. Ndi tizikwangwani tongoloza kumene fayilo ili. Mwanyamula zikwangwani, nyumba n'kuisiya kuti aigwetse."

"Ndiye sungabweze, mlamu wanga?"

"Ndiyesa."

Anayesa masiku atatu. Anapeza makalata ofunsira ntchito a anthu osawadziwa, ndi masamba khumi ndi anayi a bukulo, ena oduka pakati. Sanakalipe, analibenso mphamvu zokalipira. Anangoti, "Ine ndinangopempha Loweruka limodzi."

Lamlungu anapita kukaona odwala. Panjira a Tionamawa anapempha akazi awo kuti akawalankhulire.

"Mukanene nokha," anayankha akaziwo. "Ine ndatopa n'kukunenerani."

Atangolowa n'kupereka moni, apongozi aja anatambasula manja. A Tionamawa anagwada n'kuikapo masamba khumi ndi anayi. Achikulirewo anawayeza kulemera kwake, anawasisita m'mbali ndi chala, n'kutambasulanso dzanja kudikira ena. Kenako anatsegula pakamwa kuti alankhule. Mayina onse aja anali akadali m'mutu mwawo, koma analibenso potulukira. A Tionamawa analira ngati mwana, ali chigwadire.

Akuti mpaka lero achikulirewo akamva mkamwini akulowa, amatambasulabe manja.

Phunziro: Kompyuta ikakuuzani kuti sisitimu yanu yatha nthawi, musaitseke pakamwa ndi kapepala. Koperani zinthu zanu pena, muzitsegule pa kompyuta ina muone ndi maso anu kuti zilimodi, kenako muitane munthu amene mukudziwa kwawo. Ndipo ngati mukusunga mawu a munthu wachikulire, sindikizani lero. Tumizirani onse amene muli nawo m'foni, makamaka uja mukumudziwa kuti chilichonse amati tiona mawa. Mwina inu akumverani, ine ndalankhula mokwanira.