Dzanja Lamanzere la Malume

Banja likudya kachewere madzulo, Eliza anachenjeza mwamuna wake Paison: "Bambo, kiyibodi ya malemu malume anu musakatenge tisanamete."

Koma ukwati woti akaimbeko unali mawa lake. Paison anapita kukaitenga ku Tsangano.

Pobwera ku Tsangano ataisenza paphewa, kiyibodi yopanda mabatire ija inayamba kulira, kumanzere kokha. Du, du, du, du, besi kukwera ndi kutsika ngati mapazi a munthu, momwe malume ankaimbira jazi ya ku Joni. Paison anaima. Besi sinaime. Fungo la nyama yowola linamulowa m'kamwa. Analavula, nalavulanso.

Ku ukwati anaimba ndi dzanja lamanja lokha, ntchentche zitadzadza makiyi akumanzere. Mkwati anadza akuvina, thukuta kamukamu.

"Achimwene, koma besi imeneyo!"