Diresi Yobiriwira Pakhoma la Adokotala

Adokotala anali akufotokozabe kuopsa kwa opaleshoni yochepetsa thupi, mayi wina, telala, akumvetsera pampando.

"Timadula chifu, mayi. Ena amataya magazi, ena bala limatukusira m'kati. Koma taonani awa."

Analoza kukhoma komwe kunali zithunzi za anthu amene anachitidwa kale opaleshoniyo. Chakumapeto kunali achemwali ake a telalayo, ataonda, akumwetulira, atavala diresi yobiriwira.

Diresi imeneyo telalayo anaisoka yekha, achemwaliwo ali kale kumotchale. Anachita kuibweza m'chiuno, chifukwa muyeso wakale sunkagwiranso. Achemwaliwo sanaivalepo ali moyo.

"Amenewa zinawayendera bwino kwambiri," anatero adokotala. "Amabwerabe kudzakwera sikelo."

Telala anasisita mawondo ake otupa, omwe anamubweretsa kuno. Pafupi ndi chithunzicho anaona msomali watsopano, wosapachikidwa kanthu.

Nesi analowa ndi kamera, namugwira paphewa ndi dzanja lozizira.

"Imani apa tikujambuleni, mayi. Achemwali anu akuti diresi yanu musokeretu, popeza inu mulibe wokusokerani."