Ulusi wa Albina pa Matumba a Kachewere

Albina anaima pakhomo, mtima ukuwira. Ulusi wa thonje umene anausankha yekha pa intaneti, n'kuudikira masabata asanu mpaka minibasi ya shapa itaufikitsa ku Tsangano, unali m'manja mwa mwamuna wake Eusébio. Ankasokera matumba a kachewere.

M'nyumba, pambali pa makina osokera, zigamba za makapulana, zitenje za malemu mayi ake a Albina, zinkadikira kulumikizidwa kuti zikhale chofunda.

"Anakupusitsanitu anthu a pafoniwo, amake Nilza," anatero Eusébio osadzutsa mutu. "Ulusi wanji wongodukaduka? Ndachita kuupinda kanayi."

Albina anagwada pa thumba loyamba, napeza nsonga ya ulusi, nayamba kumasula akuukulunga kuchala. Kachewere anakhuthukira bwalo lonse.

"Tolani," anatero, akusunthira pa thumba lachiwiri.