Uchi wa pa Foni

Padangotero, ndipo si kale kwenikweni, Nsadzu, kambalame kolondolera njuchi, anali bwenzi la Chiuli. Nsadzu ankatsogola akuimba, Chiuli akutsatira pansi, miseche ili mkamwa mpaka kukafika pamtengo wa njuchi. Akafula, Chiuli ankamusiyira mnzake chisa chonona pamwala.

Kenaka Chiuli anagula foni.

"Achimwene, zoyenda awiriawirizi n'zachikale," anatero. "Muzingonditumizira uthenga wa pomwe pali njuchi."

Nsadzu naye anapeza foni, natumiza uthengawo. Chiuli anapita yekha, anafula, n'kudya zonse. Masana anatumiza chithunzi cha chisa chodontha uchi, pansi pake atalemba kuti, "Zikomo, mnzanga wapamtima!"

Nsadzu anajompha galasi la foniyo mpaka mlomo kuwawa, koma m'mimba munali mukulira.

M'mawa mwake foni inalira. Anali Chiuli. "Achimwene, njala yandipha. Lero uchi uli kuti?"

Nsadzu anamubwezera chithunzi chomwe chija. "Idyani, achimwene. Dzulo ine ndinakhuta chomwechi."

Atatero anazimitsa foni, n'kukatera panthambi pomwe ankakumanirana kale. Mpaka lero amaimba nyimbo ija, akusuzumira kanjira komwe kanamera udzu.

Nthano yanga yathera pomwepo.