Bere la Nkhosa za a Bizwell

A Bizwell anali kusakaniza madeya ndi soya wokazinga pamene anaona njinga ya Nasoro itatsamiranso pa khola.

Nasoro amapha nyama pa Lizulu. Munthu wotero akayamba kuikonda nkhosa yako, iwe yamba kuitsanzika.

"Akudya bwino azimayiwa, bambo?" anafunsa Nasoro, dzanja lili kale pamsana pa nkhosa, kupapasa ngati akusankha kachewere.

"Akudya zakwawo," anayankha a Bizwell.

Bere la nkhosazi silinali bere wamba. Anthu atangokolola, a Bizwell ankazikusira mwakachetechete kudambo kumene inkadya nkhosa yamphongo ya a Jasper, yachizungu, yamutu wakuda. Kupempha? A Jasper amamana ndi moto womwe. Chichokereni kudamboko a Bizwell anazitsekera m'khola kuopa timphongo ta m'mudzi. Soya amene akazi awo, mayi Rute, ankasungira phala la ana anathera momwemo. Mchere, masamba a mtedza, madzi a pamjigo: nkhosa zinkakhala ngati mabwana a ku Boma.

"Yabere ikaonda imaswa kamwana kofooka, mkaka osatuluka," a Bizwell ankatero mayi Rute akadandaula.

Tsono Nasoro ankafunanji? Sankagula. Sankafunsa mtengo. Ankangobwera, kupapasa, kumwetulira, ulendo. A Bizwell anaiona nkhani yonse. Pa Lizulu nkhosa ikangodumpha msewu yafika ku Mozambique. Mnyamatayu ankadikira kuti ziswe, ana amitu yakuda aoloke. A Bizwell anagula loko wamkulu, galu n'kumusamutsira pakhomo pa khola, ngakhale kumaliro kwa anansi ankangoonekera n'kubwerera.

Tsikuli mtima unawakwera. Anaponya beseni pansi.

"Iwe Nasoro, wakutuma ndani? Kauze anzakowo kuti ana a nkhosa ya a Jasper saoloka msewu ine ndili moyo!"

Nasoro anachotsa dzanja pamsana paja. Anayang'ana nkhosa, n'kuyang'ana mkuluyo.

"Ya a Jasper yamutu wakuda ija?"

"Yomweyo!"

"Pepani bambo, ine ndimayesa mukunenepetsera Khirisimasi. Ijatu ndinaifula ndine chaka chatha, inkagunda ana asukulu. Umu mulibe mwana, ndi mafuta okhaokha. Mukatopa kudikira, mpeni ndili nawo."