Odi wa kambewa

Kambewa kanali m'thumba la jekete la aMdala, chala chili pamsana pake. Kuchipinda uko mwana wawo wamkazi ankangogogoda kiyibodi chiyambire m'mawa, osadzutsa mutu.

Ntchito yake inali yophunzitsa kompyuta kumva. Anawafotokozerapo tsiku lina kuti ukadina kiyibodi kapena mausi, kanthuko kamakuwa odi, ndiye kompyuta imasiya zonse n'kuyamba yamuyankha mlendoyo. Iyeyo ndiye amalemba malamulo ake, wolowa msanga ndani, wodikira ndani. AMdala anati basi, ndi amako amenewo. Malemuwo sankadikira kuti munthu amalize mawu.

Chimwalirireni mayiwo, m'nyumbamo munalibenso wodula mnzake pakamwa. Mpando wawo unangokhala. AMdala akati ayambe nkhani, yankho linali lomwelo: ndikubwera, Ababa. Kubwera kwake osaoneka.

Ndiye tsiku lina aMdala anatola m'dirowa kamausi kakale kopanda chingwe, kopepuka bwino, kosalemetsa thumba. Anakatcha kambewa. Anakhala pabalaza n'kudina. Kete. Posakhalitsa kuchipinda kuja kunamveka kudandaula kuti kompyuta yalandira odi wopanda mwini. Mwana uja anatuluka manja ali m'chiuno, akuti mutu waima, bola amweko tiyi. Anakhala pampando wa amake mpaka tiyiyo kuzizira, akukangana ndi bambo ake za shuga.

Kuyambira pamenepo inali ntchito ya aMdala. Sankaonjeza ayi, ankadina nyumba ikati zii mopitirira. Akatuluka mwanayo, ankamufunsa nkhope ili gwa ngati wogogodayo wapezeka. Akati sanapezeke, ankapukusa mutu momumvera chisoni, sukulu yonse ija. Mantha awo anali amodzi: akadzagwidwa, kambewa kadzalandidwa, ndipo adzayambanso kumwa tiyi ndi khoma.

Tsiku limeneli anadina monga mwa masiku onse. Kete. Kuchipinda kunamveka mpando ukukhwekhwereza. AMdala anawerama msanga kuti asendeze tebulo, ndipo kambewa kanapulumuka m'thumba n'kugwa pansi, chivindikiro chake uko.

Anagwada ndi maondo awo ovuta aja, n'kuyamba kupapasa mabatire pansi pa tebulo, pansi pa mpando wa malemu. Palibe. Anasuzumira m'mimba mwa kambewa muja. Munali fumbi lokhalokha.

"Mukufunanji pansipo, Ababa?"

Mwana uja anali chilili pakhomo, makapu awiri m'manja. AMdala anati ndi batani la jekete.

"Dzukani, mungathyoke. Mabatire ake Amayi anachotsa kalekale, anaika mu wailesi yawo." Anatula makapu patebulo n'kukhala pampando uja. "Kompyuta siinamvepo kanthu. Kete wanuyo ndimamva ndine."